Uthenga wa zaumoyo anthu amaumva, nanga bwanji sasintha?

Wophunzira22 analemba:

Moni nonse akuluakulu. Pali chinthu chikundisowetsa mtendere nde ndati ndifunse kuno. Ndangoyamba kumene uvolontiya wophunzitsa anthu zaumoyo, ndipo chomwe ndikuona nchoti anthu zinthuzi amazidziwa kale. Ukafunsa kuti m'manja tizisamba nthawi yanji onse amayankha bwinobwino, pochoka kuchimbudzi, tisanadye, tikamusintha mwana thewera. Za neti akudziwa, za katemera akudziwa, za kondomu nde osanena. Koma zochita zake ndi zina. Nde ndimadzifunsa kuti ndalama zonse zikupita ku mapositala, matisheti ndi mauthenga apawailesi m'mayiko osaukawa zikugwiradi ntchito? Kapena tikungodzitopetsa? Ngati pali dziko lomwe zinathekadi ndiuzeni chonde, ndikufuna ndidziwe kuti iwowo anachita bwanji.

Namwino_wakale anayankha:

Mwana wanga usafooke, zinathekapo ndithu. Nyongolotsi ija amati Guinea worm ilibe katemera ilibe mankhwala, koma mu 1986 odwala anali pafupifupi 3.5 miliyoni pachaka ndipo mu 2022 anapezeka anthu 13 okha dziko lonse lapansi. Chachikulu chinali kuphunzitsa anthu kusefa madzi akumwa ndi kansalu komanso kuti amene nyongolotsi ikutuluka asakaviike mwendo pomwe ena amatunga.

Koma nkhani yomwe ndimafuna aliyense wantchito ngati yakoyi aidziwe ndi ya ku Bangladesh. Kuyambira 1980 mpaka 1990 bungwe la BRAC linatumiza azimayi khomo ndi khomo kukaphunzitsa amayi kupanga madzi amchere ndi shuga opatsa mwana wotsegula m'mimba, ndipo anafika m'mabanja pafupifupi 12 miliyoni. Tamvera mmene ankachitira. Sankangoyima nkulankhula ayi, ankakhala pansi ndi mayiyo, mayiyo nkusakaniza yekha ndi manja ake pogwiritsa ntchito ziwiya za m'nyumba mwake momwemo, mchere wotapa ndi zala zitatu, shuga wa nzimbe wodzadza dzanja, madzi theka la lita. Kenako pakapita masabata pankabwera munthu wina kudzafunsa ena mwa amayi aja zomwe akukumbukira nkuwauza kuti apangenso, ndipo malipiro a mphunzitsi uja ankatengera mmene amayiwo akhozera. Waona kusiyana kwake? Sankawerenga kuti tayendera makomo angati, ankaona ngati chinthucho chatsala m'mutu ndi m'manja mwa mayi. Ngakhale zinali choncho poyambirira ambiri odziwa kupanga sankamwetsabe ana, nde anabwerera kukafufuza chifukwa chake, anapeza kuti mwa zina azibambo anali atasiyidwa kunja kwa nkhaniyi pomwe pakhomo mawu awo ndi amene amamveka, basi anayamba kutumizanso amuna kukakumana ndi amuna anzawo m'misika ndi m'mizikiti. Ine chimandigwira mtima ndi chimenecho, kuti zitavuta sananene kuti anthuwa ndi osamva, anapita kukafunsa.

Kadzidzi anayankha:

Mayi mwanena zoona koma ine ndiikepo mbali ina, chifukwa nthawi zambiri timathamangira kunena kuti anthu asinthe khalidwe pomwe vuto lili kwa ife opereka chithandizo. Umuuza mayi kuti mwana akatentha thupi athamangire kuchipatala, wayenda mtunda wautali mwana kumbuyo, wafika wapeza kotseka kapena mankhwala kulibe, mawa ukabwera ndi uthenga womwewo akumvera? Sangakumvere, ndipo sakulakwa.

Ku Udaipur m'dziko la India anachita kafukufuku m'midzi 134 pa nkhani ya katemera wa ana. Komwe sanasinthe kalikonse ana omaliza katemera yense anali 6 pa 100 alionse. Komwe anaonetsetsa kuti namwino akubwera mwezi uliwonse tsiku lodziwika osaphonya anafika 18. Komwe anawonjezerapo kilo imodzi ya mphodza mwana akabayitsa, ndi mbale akamaliza zonse, anafika 39. Makolowo sankadana ndi katemera, ambiri ankabayitsa woyamba nkulekera panjira poti tsiku lopita kukatemera ndi tsiku lomwe ntchito yaima pakhomo.

Za wailesi nazo, ku Burkina Faso anayesa mwadongosolo pakati pa 2012 ndi 2015, madera 7 akumva mauthenga a umoyo wa ana tsiku ndi tsiku, ena 7 osamva. Ana opita nawo kuchipatala chifukwa cha malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba anachuluka ndithu komwe kunali mauthenga, koma atawerenga imfa za ana kusiyana kooneka bwino pakati pa mbali ziwirizi sikunapezeke. Nde wailesi imatha kumudzutsa munthu kuti anyamuke, zomwe akapeze akafika ndi nkhani ina.

Nyenyezi_M anayankha:

Achimwene a Kadzidzi ndikugwirizana nanu, kungoti pali nthawi zina chithandizo chilipo, chaulere, chafika pakhomo penipeni, anthu nkuchikana. Apa nde nkhani imakhala ya chikhulupiriro, kuti akulankhulayo ndi ndani ndipo anatichitapo zotani m'mbuyomu.

Kumpoto kwa Nigeria mu 2003 boma la Kano ndi madera ena anaimitsa katemera wa poliyo poti kunamveka mphekesera yoti ali ndi mankhwala oletsa kubereka. Kunja anthu ankangoti umbuli, koma anthu a ku Kano ankakumbukira kuti mu 1996 kampani ina yakunja inayesera mankhwala pa ana odwala mumzinda womwewo ndipo ena anamwalira, nde mantha awo anali ndi pochokera. Katemera anayambiranso mu 2004 atabweretsa wopangidwa ku Indonesia, dziko la Asilamu anzawo, ndipo mafumu ndi atsogoleri achipembedzo ndi amene anagwira ntchito yaikulu yotsimikizira makolo zaka zotsatira. Panthawi yomwe katemera anali ataimitsidwayo poliyo anafalikira kumayiko ena omwe anali atamuthetsa kale.

Ebola ya 2014 inaonetsanso zomwezi mowawa kwambiri. Ku Womey m'dziko la Guinea anthu 8 a gulu lomwe linapita kukaphunzitsa za matendawa anaphedwa. Taganizani, anthu ovala zobisa nkhope akubwera kudzatenga m'bale wako, sukumuonanso, wamwalira akumukwirira m'thumba iwe osaloledwa kuyandikira, kenako akuti tikhulupirireni. Anthu anayamba kubisa odwala ndi mitembo. Zinayamba kusintha pomwe anakonza njira yoika maliro yoteteza koma yaulemu, achibale aone ngakhale chapatali, mapemphero achitike, abusa ndi mashehe akhalepo. Uthenga woti mtembo umapatsira matenda sunasinthe, chinasintha ndi mmene ankawatengera anthu oferedwa.

Wophunzira22 anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri. Koma ine ndilibe mphamvu yobweretsa mankhwala kuchipatala kapena kugawa zinthu, ndili ndi pakamwa pangapa ndi miyendo basi. Nde pa zinthu ngati kusamba m'manja ndi kuteteza madzi akumwa ndiyambire pati?

Namwino_wakale anayankha:

Yambira pochepetsa kulankhula. Ukafika pakhomo pempha akuonetse pomwe amasamba m'manja, uone ngati madzi ndi sopo zili pafupi ndi chimbudzi kapena mpaka munthu akalowe m'nyumba kukazifuna, chifukwa ngati zili kutali ngakhale iweyo sungamasambe nthawi zonse. Mukonzere limodzi pamalopo tsiku lomwelo. Kumadzulo kwa Kenya kolorini wothira m'madzi ankagulitsidwa motchipa ndipo anthu ankamudziwa, koma ogwiritsa ntchito anali ochepa zedi, atangoika kachidebe ka kolorini pomwe anthu amatunga madzi, waulere, nkusankha munthu wa m'mudzi momwemo woti azikumbutsa anzake, mabanja oposa theka anayamba kuthira. Munthu watunga, wapotokola kampopi ka kachidebeko kamodzi, anzake akuona, wapita.

Chachiwiri usanyamule mauthenga khumi ulendo umodzi, tenga chimodzi, ndipo ubwerenso pakapita milungu ingapo ukaone ngati chikuchitika. Ukapeza sichikuchitika ufunse mofatsa kuti chavuta nchiyani, ndipo ufunsenso agogo ndi bambo a pakhomopo osati mayi yekha. Zomwe akuuzezo uzilembe mu lipoti lako mmene zilili ngakhale zikhale zoti kuchipatala anabwezedwa, akuluakulu ako akuyenera kuzimva zimenezo.

Kadzidzi anayankha:

Za lipotizo nde mwalasa mayi. Mafomu ambiri amangofunsa kuti mwafikira anthu angati, malo olemba zomwe anthuwo anena palibe. Iwe Wophunzira ngati fomu yako ili choncho uzilemba kuseri kwa pepalalo, ndipo pamsonkhano wa pamwezi uziimika dzanja nkuziwerenga.