Digiri ya masitazi ya Chisipanishi: ndisankhe ya kaphunzitsidwe kapena ya zolembalemba?

Mphunzitsi wa Chifalansa analemba kuti:

Moni nonse. Ine ndimaphunzitsa Chifalansa pa sukulu ina ya sekondale m'chigawo chapakati, ndipo digiri yanga yoyamba ndi ya uphunzitsi wa ziyankhulo. Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikuphunzira Chisipanishi pandekha, pogwiritsa ntchito mabuku, wailesi za pa intaneti, komanso mphunzitsi wina wa ku Colombia amene timachezerana pa kompyuta kumapeto kwa sabata. Chifalansa chandipeputsira ntchito chifukwa ziyankhulo ziwirizi zinachokera ku Chilatini ndipo galamala yake imayenderana kwambiri. Panopa ndimawerenga nyuzipepala ya El País popanda kutsegula dikishonale kawirikawiri, ngakhale kuti munthu akamayankhula mothamanga zambiri zimandidutsabe.

Ndikufuna kuchita digiri ya masitazi ya Chisipanishi, koma nditayamba kufufuza ndapeza kuti maphunzirowa ali panjira zitatu. Pali ya kaphunzitsidwe ka Chisipanishi kwa anthu amene si eni chiyankhulocho, imene amaitchula kuti ELE, pali ya sayansi ya chiyankhulo, ndiponso pali ya zolembalemba, kutanthauza nthano zazitali, ndakatulo ndi zisudzo za ku Spain ndi ku Latin America. Mtima wanga uli pa zolembalemba, koma ntchito imene ndimaidziwa ndi ya m'kalasi. Ndikupempha amene munadutsamo kuti mundiunikire njira yoyenera munthu ngati ine, satifiketi ya chiyankhulo imene amafuna, ndiponso ngati kuli bwino kupita ku Spain kapena kuyang'ana kwina.

Mayi wa ku Salamanca, mzinda wa ku Spain, anayankha kuti:

Aphunzitsi, ine ndinachita masitazi ya ELE ku Spain, choncho ndifotokoza za kumeneko. Ndiyambe ndi chiyankhulo chenichenicho, chifukwa mafunso ena onse akudalira pamenepo. Mayunivesite ambiri amafuna kuti munthu amene Chisipanishi si chiyankhulo chake aonetse kuti wafika pa mlingo wa C1, ndipo ena amafuna C2 (milingo ya luso la chiyankhulo imayambira pa A1, wotsikitsitsa, kudzera pa A2, B1, B2 ndi C1, mpaka C2, wapamwamba kwambiri). Satifiketi yodziwika kwambiri ndi DELE, imene imaperekedwa ndi bungwe la Instituto Cervantes m'dzina la unduna wa zamaphunziro wa dziko la Spain. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1991, ndipo yunivesite ya Salamanca imathandiza kukonza ndi kuchonga mayesowo. Ubwino wa DELE ndi wakuti siitha ntchito. Palinso SIELE, imene imalembedwa pa kompyuta ndipo zotsatira zake zimatuluka msanga, koma imagwira ntchito zaka 5 zokha ndipo siipitirira C1. Malinga ndi mmene mwadzifotokozera, ndikuganiza kuti kuwerenga muli patsogolo koma kumva muli m'mbuyo, ndipo mayeso a C1 amayesa kumva anthu a m'mayiko osiyanasiyana akuyankhula mwachibadwa chawo. Ndikanakhala inu ndikanapatula chaka chimodzi cha zimenezi zokha ndisanatumize kalata ku yunivesite iliyonse.

Chinthu chachiwiri, chimene alendo ambiri sachizindikira msanga, n'chakuti ku Spain kuli masitazi ya mitundu iwiri. Pali máster oficial, imene inavomerezedwa ndi boma ndipo inalembedwa m'kaundula wa madigiri wotchedwa RUCT, ndiye pali título propio, imene yunivesite imapereka mwa mphamvu zake zokha. Yachiwiriyi ikhoza kukhala ndi aphunzitsi abwino, ndipo pa intaneti imaoneka yokongola chimodzimodzi, koma siimutsegulira munthu khomo la PhD ku Spain, komanso mukhoza kuvutika nayo pofuna kuti izindikirike kumudzi. Musanalipire khobidi lililonse, fufuzani dzina la digiriyo m'kaundulayo, amene aliyense angamuone pa intaneti kwaulere. Musasokonezenso ELE ndi masitazi ina yotchedwa Formación del Profesorado, imene ndi ya anthu ofuna kuphunzitsa m'sukulu za sekondale za ku Spain komweko.

Masitazi zambiri za ELE zimatenga chaka chimodzi ndipo zimakhala ndi makirediti 60, amene ndi muyeso wa kuchuluka kwa maphunziro. Mumaphunzira mmene munthu wamkulu amaphunzirira chiyankhulo chachiwiri, kakonzedwe ka phunziro, kayesedwe ka ophunzira, ndi galamala yoti mukaifotokozere mlendo, imene ndi yosiyana ndi galamala yongoidziwa. Mwini chiyankhulo amagwiritsa ntchito ser ndi estar, aneni awiri otanthauza kukhala, osalakwitsa, koma mukamufunsa chifukwa chake amangoti zimamveka bwino choncho, pamene mphunzitsi wa ELE amayenera kukhala ndi yankho limene wophunzira wa mlingo wa A2 angaligwire. Pamenepa ife amene tinachita kuphunzira chiyankhulochi tili ndi mwayi, chifukwa tikukumbukira pamene tinkapunthwa.

Gawo limene linandisintha ndi la prácticas, pamene umaphunzitsa kalasi yeniyeni mphunzitsi wamkulu atakhala kumbuyo ndi pepala. Wathu ankalemba mphindi zimene wophunzitsa wayankhula ndi zimene ophunzira ayankhula, ndipo phunziro likatha ankaika pepalalo patebulo osanena kanthu kaye. Tsiku limene tinkaphunzitsa kusiyana kwa indefinido ndi imperfecto, njira ziwiri zonenera zimene zinachitika kale, anatiletsa kulemba lamulo pabolodi. M'malo mwake tinapatsa ophunzira zithunzi za mumsewu mmene munachitika ngozi ya njinga, awiriawiri n'kumafotokozerana zimene anthu ankachita ndi chimene chinachitika mwadzidzidzi, ndipo lamulo linabwera pamapeto, ophunzirawo atalipeza kale okha. Inu amene mwazolowera kalasi yodzaza mudzakhala ndi mafunso ambiri pa njira imeneyi, ndipo mafunso amenewo ndi amene angakupatseni mutu wa kafukufuku womaliza, amene kuno amamutcha TFM.

Maganizo anga ndi akuti musankhe ELE. Ndi yaifupi, ikugwirizana ndi ntchito imene muli nayo kale, ndipo mabuku mudzawerengabe madzulo.

Wophunzira PhD ku America anayankha kuti:

Zimene afotokoza mayiwa pa nkhani ya DELE ndi máster oficial ndi zoona, ndipo sindiwonjezerapo. Koma pa mfundo yomalizayo ndikusiyana nawo pang'ono, chifukwa kuwerenga mabuku madzulo ndi kuchita maphunziro a zolembalemba ndi ntchito ziwiri zosiyana. M'maphunzirowa munthu amayenda m'mbiri yonse ya chiyankhulo, kuyambira zolemba za m'zaka zapakati (Middle Ages), kudzera m'nyengo ya Siglo de Oro, imene zolembalemba za ku Spain zinafika pachimake, pamene Cervantes anatulutsa Don Quijote m'magawo awiri mu 1605 ndi 1615, mpaka olemba a ku Latin America a m'zaka za m'ma 1960. Amaphunziranso kutsutsana ndi akatswiri ena polemba, ndipo luso limeneli silibwera munthu akamawerenga yekha pakhonde.

Aphunzitsi, mwafunsa ngati n'koyenera kuyang'ana kwina, ndiye ndikuuzeni za kuno. Mayunivesite ambiri a ku United States ali ndi madipatimenti a Chisipanishi ndi Chipwitikizi, ndipo chifukwa chakuti ophunzira a digiri yoyamba ofuna Chisipanishi ndi ochuluka zedi, madipatimentiwa amadalira ophunzira a masitazi ndi PhD kuti aziphunzitsa makalasi oyambirira. Amene watengedwa mwa njira imeneyi nthawi zambiri salipira fizi, ndipo amalandira kandalama ka mwezi kokwanira nyumba ndi chakudya akamadzigwira. Choncho funso lanu lakuti kalasi kapena mabuku limayankhika lokha, pakuti m'mawa umaphunzitsa ana a chaka choyamba, masana n'kukhala mu semina ya ndakatulo. Madipatimenti ambiri amaperekanso kosi ya kaphunzitsidwe m'chaka choyamba. Zaka zanu za uphunzitsi adzaziwerengera kwambiri posankha anthu. Kuipa kwake n'kwakuti njirayi ndi yaitali, masitazi zaka 2 ndipo PhD kawirikawiri zaka 5 kapena kuposerapo, komanso kunja kwa dipatimenti umakhala pakati pa Chingerezi, pamene ku Salamanca kapena ku Granada ngakhale wogulitsa buledi amakhala mphunzitsi wako. Adzafunanso chitsanzo cha nkhani yaukatswiri imene munalemba m'Chisipanishi, makalata a aphunzitsi okuchitirani umboni, ndipo ena adzafuna mayeso a Chingerezi a TOEFL.

Chimene ndikufuna muchiganizire kwambiri ndi Africa. Dziko la Equatorial Guinea limagwiritsa ntchito Chisipanishi ngati chiyankhulo cha boma, ndipo lili ndi olemba ake, monga María Nsué Angüe amene anatulutsa buku la Ekomo mu 1985 ndi Donato Ndongo-Bidyogo amene anatulutsa Las tinieblas de tu memoria negra mu 1987. Bungwe loyang'anira chiyankhulochi m'dzikolo linalowa m'gulu la mabungwe anzake la ASALE mu 2016. Zolemba zimenezi zimakamba za utsamunda, sukulu za mishoni, ulamuliro wankhanza ndi moyo wa kumudzi, ndipo munthu amene anawerenga kale olemba a ku Senegal ndi Cameroon m'Chifalansa amafika nazo pamenepa ali ndi zida zimene anzake ambiri m'kalasimo alibe. Komiti yosankha ophunzira ikaona kalata ya munthu wodziwa chimene akufuna kufufuza, imaisiyanitsa ndi makalata a anthu ongonena kuti amakonda chiyankhulo.

Bambo wa ku Harare anayankha kuti:

Ine sindinachite maphunzirowa, koma ndinathandizapo wachibale pa za mapepala, ndiye ndingowonjezera zimenezo. Kuti mulowe masitazi ku Spain ndi digiri ya kunja kwa Ulaya, sikofunika kuti boma la Spain liyambe laivomereza mwa njira yaitali yotchedwa homologación. Yunivesite yokha imaunika ngati digiri yanu ikufanana ndi yawo ndiponso ngati kwanu imakulolani kuchita masitazi. Komabe satifiketi ndi chikalata cha zotsatira za maphunziro onse zimafunika chidindo cha apostille chotsimikizira mayiko ena kuti chikalata ndi chenicheni, chimene chimatheka chifukwa Malawi ali nawo m'pangano la ku Hague, kenako zimasuliridwe ndi womasulira wolumbira amene boma la Spain limamuzindikira. Dziko la Spain lilibe ofesi ya kazembe ku Lilongwe, ndipo imene imayang'anira Malawi ndi Zambia ili kuno ku Harare, choncho nkhani ya viza muiyambe msanga. Pa za ndalama, fizi ya mayunivesite a boma imakhazikitsidwa ndi chigawo chilichonse pachokha, ndipo m'zigawo zina alendo ochokera kunja kwa European Union amalipira zochulukirapo. Bungwe la boma la Spain lothandiza chitukuko cha mayiko ena, la AECID, limalengeza thandizo la maphunziro, koma mndandanda wa mayiko ololedwa muziuwerenga chaka chilichonse. Pa bungwe lina lopereka thandizo la maphunziro, la Fundación Carolina, musatayepo nthawi, chifukwa linakonzedwera makamaka anthu a ku Latin America.

Mphunzitsi wa Chifalansa analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Za título propio sindinkazidziwa, ndipo digiri ina imene ndinaisunga pa kompyuta ndapeza kuti ndi ya mtundu umenewo. Funso langa lotsala likupita kwa inu mayi. Ngati nditayamba ndi ELE monga mwanenera, kodi khomo la zolembalemba litsekeka, kapena ndingadzachitebe PhD pa olemba a ku Equatorial Guinea amene achimwenewa atchula? Ndikufunanso kudziwa ngati munthu wochokera kuno angapeze mutu wa kafukufuku wa ELE umene suli wongobwereza zimene ena analemba kale.

Mayi wa ku Salamanca anayankhanso kuti:

Khomo silitsekeka, aphunzitsi, koma limachepa. Lamulo la ku Spain limafuna kuti wolowa PhD akhale ndi makirediti 300 onse pamodzi, ndipo osachepera 60 akhale a masitazi yovomerezeka, choncho ELE ya mtundu wa oficial imakwanira. Komabe komiti ya pulogalamu iliyonse ili ndi ufulu wokuuzani kuti muwonjezere makosi ena ikaona kuti mbali ya zolembalemba ndi yoperewera. Njira yochenjera ndi kusankha masitazi imene ili ndi makosi osankha a zolembalemba, n'kulemba TFM yokhudza kagwiritsidwe ntchito ka nkhani za olemba a ku Africa pophunzitsa Chisipanishi. Mukatero mudzakhala ndi chitsanzo cha zolemba zanu chimene achimwene a ku America anena kuti chimafunika kumeneko, ndipo mudzakhala mutadziwana ndi mphunzitsi amene angakuyang'anireni pa PhD.

Pa funso lachiwiri, mitu ilipo ndipo ili pafupi nanu. Chisipanishi chili ndi mavawelo asanu, a, e, i, o, u, amene amamveka pafupifupi ngati athu, moti wophunzira woyankhula Chichewa savutika nawo monga amavutikira Mngerezi. Vuto lathu lili pa l ndi r, pakuti m'Chichewa kusinthanitsa awiriwa sikusintha tanthauzo, pamene m'Chisipanishi pelo, pero ndi perro ndi mawu atatu osiyana. Kugwirizana kwa dzina ndi mfotokozi nakonso sikutidabwitsa, popeza magulu athu a mayina amachita zomwezo mokulirapo. Mukhoza kujambula mawu a ophunzira anu, n'kuyerekeza zolakwitsa zawo ndi zimene mabuku amayembekezera kwa oyankhula Chingerezi kapena Chifalansa, pakuti mabuku ambiri analembedwa poganizira anthu amenewo. Ku West Africa, makamaka ku Côte d'Ivoire, Benin ndi Senegal, Chisipanishi chimaphunzitsidwa kwambiri m'sukulu za sekondale, ndipo Instituto Cervantes inatsegula nthambi yake ku Dakar mu 2021, yoyamba kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Zimene aphunzitsi a kumeneko alemba zokhudza makalasi aakulu opanda mabuku okwanira zidzakuthandizani poyambira. Nthawi yolembetsa m'mayunivesite ambiri imayamba miyezi ingapo maphunziro asanayambe mu September kapena October, choncho satifiketi ya C1 ikhale m'manja chaka chisanafike pakati, ndipo kumbukirani kuti zotsatira za DELE zimatenga miyezi kuti zituluke.