"Galu wamkota sakandira pachabe": nanga akamakanda ali m'tulo?

Wa ku Area 25
Akuluakulu, ndithandizeni Chichewa. Agogo anga abwera kuchokera ku Nathenje kudzaonetsa maso kuchipatala, ndiye masana amakhala pakhonde ndi galu wathu. Galuyu akagona chammbali pasimenti, pakapita kanthawi amayamba kulira cham'kati kukamwa kuli kotseka, masaya akufufuma, miyendo yakutsogolo ikupalasa. Dzulo mwana wanga amafuna kumudzutsa ndi tsache, agogo n'kumuletsa: "Mleke, galu wamkota sakandira pachabe." Atatero anaseka okha.

Mkota n'chiyani kwenikweni? Mnzanga wina kuntchito akuti ndi dzina la mudzi. Ndipo mwambiwu ukukhudzana bwanji ndi galu wolira kutulo? Agogowo ndawafunsa, angoti "ana a m'tauni" n'kupitiriza kuswa mtedza.

Mphunzitsi wopuma, Likuni
Mnzanuyo muuzeni kuti mkota si mudzi. Mkota ndi chiweto chachikazi chokhwima, chimene chidaberekapo. Timati mkota wa mbuzi, mkota wa nkhuku. Nkhuku yaikazi imene isadayambe kuikira ndiye msoti. Mumwambimu mawuwa akuimira galu amene wakhalitsa ndipo wasaka zaka zambiri.

Kuti muumve bwino, ganizani za kosaka mbewa. Kagalu kakang'ono kamakanda paliponse: pachulu, pachitsa, pamene padadutsa mbewa dzana. Mukakatsatira muthyola mpini wa khasu, kunyumba n'kubwerera chimanjamanja. Koma mkota ukaima paunapo, n'kununkhiza, n'kuyamba kufukula dothi, musafunsenso, muli kanthu. Ndiye akulu akati galu wamkota sakandira pachabe amatanthauza kuti munthu wamkulu akaumirira nkhani, pali chimene waona. Ndidaumva kawirikawiri kwa ankhoswe, pamene mwana akukana malangizo pa za munthu amene akufuna kumanga naye banja.

Za tulo mulibemo mumwambiwu. Agogo anu adangoubwereka poona miyendo ikupalasa, n'chifukwa chake adaseka. Komanso musaiwale kuti woletsa mwanayo ndi mkota mwini wake. Mwambi umodzi adalasa nawo galu ndi inu nomwe.

Mnyamata wa ku Mitundu
Aphunzitsi anena zoona. Kwathu tikakolola, tchire likapsa, timapita ndi agalu. Tikabwerako madzulo amagwa pafupi ndi moto ali wefuwefu, ndipo usiku umenewo ndiye amalira kwambiri kutulo, mchira ukumenya pansi. Malume ankati "akumaliza kalulu wathawa uja." Ife timati galu akubwebweta.

Mphunzitsi wopuma, Likuni
Kubwebweta ndi kwa anthu, mwana wanga. Amabwebweta ndi munthu wolankhula kutulo, wodwala malungo aakulu, kapena wogwidwa ndi mizimu. Pamafunika mawu, ngakhale osamveka mutu wake. Galu amalira kapena kubuula.

Mnyamata wa ku Mitundu
Bambo, mudamumvapo galu wotopa ndi uzimba? Amachita kulumikiza ziganizo. Ife tipitiriza kunena kuti akubwebweta.

Mayi wa ku Kawale
Inu mukuseka, koma kwathu galu akamalira usiku amati ndi malodza, kukubwera maliro. Mayi anga ankadzuka n'kumuthira madzi. Ine mpaka lero ndikamumva mtima umagunda.

Mlonda, Area 47
Amayi, pamenepo mwasakaniza kulira kuwiri. Ine ndimachezera ndi agalu usiku uliwonse. Kumene anthu amati malodza ndi kuja galu ali maso, wakhala tsonga, mphuno kumwamba, n'kukoka mawu aatali. Akayamba mmodzi, a kumpanda wina amalandira, mpaka dera lonse. Nthawi zambiri amakhala wamva anzake patali, ambulansi, kapena fisi, poti afisi mu Lilongwe muno alimo ndithu. Kwa kutuloku n'kwina. N'kwakufupi, kodukaduka, ngati mawu akukanika kutuluka. Mukawalitsa tochi chapambali muona zikope zikugwedezeka, ndevu zikunjenjemera. Ndikangokhosomola amatukula mutu, kundiyang'ana, n'kugonanso.

Wophunzira za ziweto, Bunda
A mlonda aona bwino, ndipo zikope zogwedezekazo ndiye mfundo yake. Galu, monga munthu, tulo take tili ndi magawo. Pali gawo lina lotchedwa REM, pamene maso amathamangathamanga kunsi kwa zikope, kupuma kumasinthasintha, ndipo ubongo umagwira ntchito pafupifupi ngati mwini wake ali maso. Munthu ukamudzutsa pagawo limeneli, kawirikawiri amakuuza kuti amalota. Galu amalifika pakapita mphindi ngati 20 chigonereni.

Ndiye bwanji sadzuka n'kuthamangadi? Patsinde pa ubongo pali kachigawo kotchedwa pons, kamene nthawi imeneyi kamafooketsa minofu ya thupi kuti isamvere zimene ubongo ukulamula. Koma sikatseka kotheratu. Zochepa zimapulumuka, ndiye timaona phazi likupalasa, khutu likugwedera, ndi kuuwa kotsamwa kuja. Ana agalu ndi agalu okalamba ndiwo amachita kwambiri, chifukwa kwa ana kachigawoka kamakhala kasanakhwime, kwa okalamba kayamba kufooka.

M'zaka za m'ma 1960, katswiri wa za ubongo Michel Jouvet wa ku Lyon ku France adaononga mbali ina ya kachigawo kameneka mwa amphaka. Amphakawo akafika pa REM ankadzuka, kunyang'ama, kudumphira chinthu chosaoneka, ali m'tulo. Mu 2001, Matthew Wilson ndi Kenway Louie a ku yunivesite ya MIT ku America adajambula mmene ubongo wa makoswe umagwirira ntchito akamathamanga m'kanjira kofuna chakudya, ndipo adapeza kuti makoswewo akagona ubongo umabwereza dongosolo lomwelo. Ndiye malume a ku Mitundu aja, ndi kalulu wawo wothawa, sadaphonye kwenikweni. Ubongo umabwereza za masana.

Wa ku Area 25
Zikomo nonse. Koma pali vuto limodzi, aphunzitsi. Galu wathuyu ndi wamphongo, ndipo chaka chachiwiri sanamalize. Si mkota m'pang'ono pomwe. Komanso sanaonepo mbewa, amangothamangitsa njinga za kabaza pageti.

Mphunzitsi wopuma, Likuni
Mwambi sutukula galu mchira kuti uone ngati ndi wamkazi. Ndipo akabaza akewo ndiwo akuwapirikitsa kutuloko.

Mayi wa ku Kawale
Chabwino, za malodza ndasiya kaye. Koma inu a ku Bunda, tingadziwe bwanji kuti uku n'kulota, osati matenda? Wathu nthawi zina amachita kugwedezeka thupi lonse. Ana amagona naye pafupi pamkeka.

Wophunzira za ziweto, Bunda
Muitaneni dzina muli chapatali, amayi. Wolota amadzuka, n'kukuzindikirani nthawi yomweyo, ndipo thupi lake limakhala lofewa. Kugwedezekako sikuchedwa, kumabwera n'kupita. Wogwa khunyu amauma gwa, miyendo imakankha mwamphamvu, nsagwada zimatafuna, kukamwa kumatuluka thovu, mwina amadzikodzera, ndipo ngakhale mufuule sakumvani. Zikatha amadzandira, osadziwa pamene ali. Zikatero musamuike dzanja kukamwa. Chotsani ana ndi zinthu zimene angadzipweteke nazo, jambulani pafoni, mukaonetse dokotala wa ziweto. Zikapitirira mphindi 5 musadikire kuti kuche. Palinso matenda a distemper amene amasiya mnofu umodzi ukudumphadumpha osaleka, galu ali maso kapena ali m'tulo. Amenewo ali ndi katemera.

Za tsache ndi madzi zija musachite. Galu wodzidzimutsidwa pakati pa maloto amatha kuluma asanadziwe kuti ndi mwana wa pakhomo. Akaluma, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa cha chiwewe. Kulira kutulo pakokha si chizindikiro cha chiwewe ayi, koma galu aliyense azibayitsidwa katemera wake chaka ndi chaka. Alangizi a ziweto a boma ndi a bungwe losamalira ziweto mu Lilongwe la LSPCA amabaya, ndipo chakumapeto kwa September, poyandikira pa 28 lomwe ndi tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, muzitchera khutu ku zilengezo za m'dera lanu.

Mayi wa ku Kawale
Wathu akaitanidwa amadzuka, makamaka akamva chivundikiro cha poto. Koma khadi lake la katemera sindikudziwa kumene lili, ndikafufuze m'chikwama cha abambo ake a ana.