Gulu la banja: mapepala a Pemphero

Chikondi: Mwadzuka bwanji nonse. Ndikukumbutsa za mapepala a Pemphero. Kuntchito kuja amupatsa mpaka pa 30 kuti abweretse police clearance, chikalata cha kupolisi chosonyeza ngati khoti linamupezapo wolakwa, lero ndi pa 11. Pa anthu 14 amene tinalonjeza kusonkha ndalama, atumiza ndi 5 okha.

Amalume aakulu: Ndinanena kale ine. Mundipatse ndalamazo, ndili ndi munthu wanga mkatimo. Masiku awiri pepala latuluka.

Azakhali: Tadzuka. Dzina langa walemba? Ndinatumiza Lachisanu.

Chikondi: Ndalemba azakhali, ndinu achiwiri.

Azakhali: Chabwino. Poti ulendo wina tinapereka koma mayina athu sanaoneke paliponse.

Make Pemphero: Alamu, zakale tazisiyani kaye, mwana akufuna ntchito.

Azakhali: Ine sindinatchule munthu.

Tadala: Amalume pepani, munthu wanuyo sangathandize. Police clearance sayendera dzina lokha. Amadinda zala zonse 10 za mwini wake n'kuziyerekeza ndi zimene zili m'kaundula wa anthu amene khoti linawapeza olakwa. Ndiye Pemphero ayenera kupita yekha ndi chiphaso chake. Pepala la dobadoba akakalifufuza kuntchitoko n'kupeza kuti ndi lachinyengo, pamenepo ndiye akhala ndi mlandu weniweni.

Amalume aakulu: Iwe maofesi unayamba kuyenda liti? Sukulu yamalamuloyo sunamalize n'komwe.

Tadala: Ndatsala ndi chaka chimodzi amalume 🙏

Mphatso: Abale ndalemba dzina lake pa Google, yatuluka website ina ikuti yapeza mafayilo a milandu yake, ndilipire kaye kuti ndione.

Make Pemphero: Mayo ine. Milandu ingati?

Tadala: Mayi aang'ono musade nkhawa. Mphatso usalipire kalikonse. Zambiri mwa zimenezo ndi za ku America. Kumeneko m'madera ambiri mayina a omangidwa amaikidwa poyera ndi zithunzi zomwe, ndiye makampani amatola n'kumagulitsa. Pemphero sanapondeko. Tayesa kulemba dzina la agogo uone.

Mphatso: Ndayesa. Akuti agogo nawo ali nawo mafayilo 😂😂

Tiyamike: Agogo akuti amene walemba dzina lawo pa intaneti alifufute msanga.

Bambo a Junior: [chithunzi: maluwa ndi mawu a m'mawa]

Chikondi: Alamu, maluwa tawaona. Gawo lanu sitinalione.

Bambo a Junior: Kumapeto a mwezi.

Chikondi: Kumapeto a mwezi ndi pa 30 pomwepo.

Tadala: Koma chimene ndikufuna kudziwa ine n'chakuti mlandu uja unatha bwanji. Palibe amene ananenapo bwinobwino.

Make Pemphero: Anamugwira Loweruka usiku pa ndewu ija, mu 2018. Anagona m'chitokosi masiku awiri, Lolemba anamutengera kukhoti, anatuluka pa belo. Tinapitako katatu, wodandaula osabwera. Ulendo wachitatu anati tidzakuitanani. Mpaka lero.

Azakhali: Belo imene ena tinagulitsira katundu wathu.

Make Pemphero: Ndipo tinathokoza alamu.

Tadala: Ndiye nkhani yagona pamenepo. Kumangidwa ndi kupezeka wolakwa ndi zinthu ziwiri. Kupolisi kuli buku limene analembamo tsiku limene anamugwira, ndi fayilo ya apolisi. Koma mmene mlandu unathera zimalembedwa m'fayilo ya kukhoti. Mwina woimira boma anauchotsa poona kuti mboni sizikubwera. Mwina khoti linamumasula. Koma mwinanso anaika tsiku lina, ife osamva, iye osapita, ndiye majisitireti akhoza kukhala kuti anatulutsa chikalata choti amangidwe chifukwa chothawa belo. Zikakhala choncho, akangolowa kupolisi kukadinda zala sabwerako tsiku limenelo.

Make Pemphero: Tadala usandiopseze, BP yanga ukuidziwa.

Tadala: Sindikuopsezani, ndikuti tiyambire kukhoti osati kupolisi. Ku ofesi ya kalaliki wa khoti limene anakaonekera. Milandu ya akuluakulu imazengedwa poyera, ndiye munthu wina akhoza kukafunsako kaye mmene unathera, Pemphero ali kunyumba.

Amalume aakulu: Zonsezo munthu wanga akanaona pa kompyuta mphindi zisanu. Ndinanena kale.

Madalitso: Moni nonse, ndinali pa shifiti. Funso langa ndi limodzi, sanalipitsidwe chindapusa chilichonse? Kuno ku Johannesburg anthu ambiri zawagwera. Wapolisi amakuuza kuti lipira uzipita, iwe n'kusayina, osadziwa kuti wasayinira kuvomera mlandu. Patapita zaka ukufuna ntchito, dzina lili m'kaundula. Ndipo kuti alifufute, pa milandu ing'onoing'ono umadikira zaka 10 kenako n'kulemba kalata yopempha.

Make Pemphero: Ayi, ife tinapereka ya belo yokha.

Madalitso: Ndiye bola.

Chikondi: Achimwene, poti mwatulukira, gawo lanu?

Madalitso: Netiweki ikuvuta kuno, ndiyankha madzulo.

Azakhali: Netiweki ya kumeneko imadziwa nthawi yovutira.

Tiyamike: Agogo akufunsa ngati mwana wa zaka zochepa amalembedwa m'buku la olakwa. Akuti Pemphero anali mwana.

Tadala: Akanakhala wosakwana zaka 18 zikanakhala zina, milandu ya ana sazenga poyera ndipo dzina amabisa. Anabadwa liti?

Make Pemphero: 1999, mwezi wa Febuluwale.

Azakhali: Si 2000? Anabadwa chaka chimodzi ndi Mphatso.

Mphatso: Ine ndi wa 2001 azakhali.

Azakhali: Ndiye amayi ako anandinamiza.

Tiyamike: Agogo akuti 1999, anamusambitsa ndi iwo, asawatsutse munthu.

Tadala: Ndiye anali ndi zaka 19. Wamkulu.

Bambo a Junior: Pa nkhani ya zaka, Junior akukwanitsa zaka 5 Lamlungu, nonse mukuitanidwa 🎂

Mphatso: Happy birthday Junior!!

Azakhali: Akule ndi nzeru. Ya keke ilipo, ya mapepala ikudikira kumapeto a mwezi.

Bambo a Junior: Keke wagula ndi make.

Chikondi: Tibwerere ku nkhani chonde. Tadala, kukhotiko akafuna chiyani?

Tadala: Nambala ya mlandu ndi chaka chake. Mafayilo amasungidwa potsata nambala, osati dzina. Ukapita ndi dzina lokha kalaliki ayenera kutsegula kaundula wa chaka chonse cha 2018 tsamba ndi tsamba, ndipo mumzinda waukulu mayina ofanana ndi ambiri, ukhoza kubwera ndi mlandu wa munthu wina. Nambalayo imakhala pa pepala la belo kapena pa lisiti ya ndalama ya belo. Tikaupeza, tipemphe kope ya chigamulo kapena ya tsamba lomaliza, yokhala ndi chidindo cha khoti. Imeneyo amalipiritsa, ndipo mutenge lisiti. Ikakhala kuti mlandu unachotsedwa, Pemphero anyamule kopeyo popita kukadinda zala, kuti ngati kupolisi fayilo ikuonekabe yotsegula awaonetse.

Azakhali: Tadikirani. Ngati mlandu unatha, ndalama ya belo sibwezedwa?

Tadala: Imabwezedwa kwa amene analipira, ngati woimbidwa mlandu sanajombe kukhoti. Koma pafunika lisiti.

Azakhali: Lisiti ili ndi ndani?

Make Pemphero: Anakalipira ndi achimwene.

Azakhali: Achimwene, lisiti?

Chikondi: Amalume?

Mphatso: Awerenga, pakuoneka.

Amalume aakulu: Ndinali pa foni ina. Zaka zonsezi munthu angasunge kapepala? Nchifukwa chake ndikuti munthu wanga. Ndinanena kale koma m'banja muno mawu a wamkulu ndi mphepo.

Azakhali: Ndangofunsa lisiti, sindinafunse zina.

Amalume aakulu atuluka m'gulu

Chikondi wawonjezera Amalume aakulu

Chikondi: Amalume musatuluke, gawo lanu silinafike.

Amalume aakulu: Gawo langa ndi mayendedwe amene ndinayenda mu 2018.

Make Pemphero: Chonde abale anga. Masiku akutha.

Chikondi: Ndalama zimene zilipo zikwanira basi ya munthu mmodzi ndi kope ya kukhoti. Za police clearance sizinakwane. Ndipo Tadala akuti zikapezeka kuti pali chikalata chomumanga pafunika loya woti apite naye kwa majisitireti kukafotokoza. Zimenezo sitinaziwerengere n'komwe.

Tadala: Loyayo tisathamange naye, tione kaye fayilo. Ine Lachiwiri ndilibe kalasi m'mawa, ndikhoza kupita. Koma popanda nambala nditha tsiku lonse pabenchi.

Mphatso: Nanga mwini wakeyo ali kuti? Tikulankhula za iye kuyambira m'mawa.

Azakhali: Ali pompano, amangowerenga. Ngati bambo ake.

Make Pemphero: Alamu.

Pemphero: Ndilipo. Pepani nonse, manyazi. [chithunzi]

Pemphero: Ndi pepala limene anandipatsa tsiku la belo. Linali m'thumba la masatifiketi. Nambala ili pamwamba kudzanja lamanja koma yafufutika pang'ono.

Tadala: Ndi limeneli! Chaka chikuoneka bwino. Nambala yomalizayo ndi 3 kapena 8?

Pemphero: Ndikuona ngati 8.

Mphatso: Ndi 3 imeneyo.

Tiyamike: Agogo avala magalasi, akuti 8.

Tadala: Ndikafunsa zonse ziwiri. Pemphero jambulanso kuseri kwake, nthawi zina tsiku lobwerera kukhoti amalemba kumeneko. Ndipo pepalalo usampatse munthu wina aliyense, ndidzalitenga ndekha Lolemba madzulo.

Amalume aakulu: Munthu wina aliyense ndiye ndani?

Chikondi: Madalitso watumiza, tsopano ndi 6. Otsala 8 mukudzidziwa. Mayina ndiika pano 7 koloko.

Bambo a Junior: Lamlungu ndi 2 koloko masana, musachedwe.