Makompyuta ena akukana kulowa mu domain pa MDT, thandizeni akuluakulu

Membala Wosadziwika
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndimayang'anira makompyuta pa bungwe lina kuno ku Mulanje, cha ku Chitakale. Seva yathu ndi Windows Server 2019, ndipo AD (Active Directory, kaundula wa maakaunti ndi makompyuta a mu domain), DNS (yomasulira mayina kukhala maadiresi), WDS ndi MDT (zida za Microsoft zoikira Windows pa makompyuta kudzera pa netiweki) zonse zili pomwepo. Popeza Windows 10 a Microsoft anasiya kuikonza pa 14 Okutobala 2025, abwana alamula kuti makompyuta onse 24 akhale pa Windows 11 Pro pofika Lolemba. PXE (kudzutsa kompyuta kudzera pa netiweki) ikuyenda, image ya Windows ikutsika, mapulogalamu akulowa, koma kumapeto makompyuta 9 akutsalira mu WORKGROUP, osalowa mu domain ya bungwe. Ena 15 alowa bwinobwino. Uthenga womaliza ukuti ZTIDomainJoin, script ya MDT yolowetsa kompyuta mu domain, yayesa kambirimbiri. Komanso ndili ndekha, mnzanga amene tinkagwira naye anasiya ntchito osasiya ngakhale kapepala. Magetsi akungozimazima, batire ya UPS ndinapempha kalekale koma a zachuma akuti tidikire bajeti, pomwe galimoto yokagula toner ku Limbe siisowa mafuta. Chingwe chopita ku stores nacho chinalowa madzi ndi mvula yakunoyi. Lolemba wokalipiridwa ndine. Nditani?

Mbewe wa ku Bvumbwe
DNS! Musavutike ndi zina achimwene. Pa kompyuta yokanayo lembani ipconfig /all muone DNS imene yalandira. Mukaona 8.8.8.8 (DNS ya Google) kapena adiresi ya rauta, nkhani yatha. Google sakudziwa domain yanu ya ku Chitakale. Kenako nslookup -type=srv _ldap._tcp.dc._msdcs. ndi dzina la domain yanu kumapeto, kenako nltest /dsgetdc: ndi dzina lomwelo. Zikapanda kutchula seva yanu, konzani option 006 (ya DNS) pa DHCP, yogawa maadiresi ku makompyuta, iloze seva yokhayo basi, 8.8.8.8 mumuike ku forwarders.

Esnart
A Mbewe, ikanakhala DNS bwenzi 15 aja alowa bwanji, onse ali pa netiweki imodzi? A Wosadziwika, mwatiuza za UPS ndi toner koma nambala ya cholakwika simunatiuze. Tsegulani C:\Windows\debug\NetSetup.log pa kompyuta yokanayo, pitani kumunsi, mutitumizire mzere umene uli ndi status. 0x54b ndiye kuti domain sinapezeke, pamenepo a Mbewe akhoza. 0x52e ndi dzina kapena pasiwedi yolakwika. 0x5 akaunti ilibe chilolezo. 0x216d malire a makompyuta akwana. 0xaac ndi nkhani ina. Log ya MDT ili mu C:\MININT\SMSOSD\OSDLOGS ntchito ikadali mkati, ikatha imasamukira ku C:\Windows\Temp\DeploymentLogs.

Mbewe wa ku Bvumbwe
Achemwali, zimatheka kwambiri. Rauta ya intaneti ikakhala kuti nayo ikugawa DHCP, pamakhala ogawa awiri, ndipo kompyuta imatenga kwa amene wayankha msanga. Ena apeza DNS yabwino, ena ya rauta. Ndi chifukwa chake 15 ndi 9. Zimitsani DHCP ya pa rauta. Ndanena ndanena.

Che Juma Luchenza
Inu nonse mwaiwala wotchi. Kerberos, njira imene domain imatsimikizira maakaunti, salola kusiyana kopitirira mphindi 5 pakati pa kompyuta ndi seva. Kumene magetsi amazimazima, ka batire ka pa motherboard, CR2032, kakatha, wotchi imabwerera m'mbuyo zaka. Lowani mu BIOS muone tsiku. Mu CustomSettings.ini, fayilo ya malamulo a MDT, ikaninso TimeZoneName=South Africa Standard Time, ndiyo ya ife a UTC+2. Ndipo seva yenilo muione ndi w32tm /query /status, mwina yosokonekera ndi iyoyo.

Kondwani
Ine ndangomva za galimoto ya ku Limbe. Ikamapita mawa mundiuze, ndidikire pa Thyolo boma 😂

Dalitso
Funso nlakuti mukulimbanabe ndi MDT chifukwa chani? Microsoft sanavomerezepo MDT pa Windows 11. Pitani ku Autopilot ndi Intune, zida za Microsoft za pa intaneti, zonse izi muiwale.

Mbewe wa ku Bvumbwe
A Dalitso, bungwe loti likukanika batire ya UPS ligule malaisensi a Intune? Ndipo kompyuta iliyonse izikoka zonse pa intaneti, bandulo yake alipira ndani? Muzilankhula zotheka. MDT ikugwira ntchito pa Windows 11 m'maofesi ambiri. Vuto apa ndi DNS.

Yamikani
9 amenewo ndi a mtundu umodzi? Nthawi zambiri WinPE, ka Windows kakang'ono kotsitsa image, imakhala ndi driver ya netiweki, nchifukwa chake image imatsika, koma Windows ikadzuka payokha driver palibe. Join yoyamba imachitika pa specialize, gawo lina la kuika Windows, kuchokera mu unattend.xml, ndiye popanda netiweki imalephera mwakachetechete. Onani C:\Windows\Panther\UnattendGC\setupact.log, ndiponso muone ngati driver ya mtundu umenewo ili mu Out-of-Box Drivers. China ndi switch: spanning tree yakale imagwira port masekondi 30 isanayambe kudutsitsa kanthu. Yatsani portfast pa maport a makompyuta okha, osati olumikiza switch ina.

Esnart
Koma alemba kuti mapulogalamu akulowa, a Yamikani. Amenewo amachokera ku deployment share Windows itadzuka kale, ndiye driver ilipo. Za portfast zokhazo zingamveke, koma sitepe ya MDT ya Recover From Domain imayesanso pambuyo pake netiweki ili kale bwino, ndipo nayo yakanika.

Mai a Tadala
Choyamba, musadzaike CustomSettings.ini yanu pagulu pano osafufuta DomainAdminPassword. Imakhala poyera, ndipo ena mumaikamo Domain Admin weniweni, zomwe ndi kusiya kiyi pachitseko. Pangani akaunti yakeyake ya join, muipatse chilolezo pa OU (foda ya makompyuta mu AD) imodzi yokha. Akaunti wamba imaloledwa makompyuta 10 okha, ms-DS-MachineAccountQuota, pokhapokha mutaipatsa Create Computer Objects pa OU. MachineObjectOU ilembedwe yonse, monga OU=Makompyuta,DC=bungwe,DC=local. Musalembe CN=Computers, imeneyo si OU ndipo join imakana. Dzina la kompyuta lisapitirire zilembo 15. Amene mumatenga serial number yonse nkuwonjezera MULANJE- kutsogolo, mayina amadulidwa nkuyamba kufanana.

Mbewe wa ku Bvumbwe
Malire a 10 sakugwirizana, alowa kale 15. Mukuona? Chilichonse chikugwa, yatsala DNS.

Membala Wosadziwika
Zikomo nonse. A Mbewe, ipconfig ikuonetsa seva yathu pa DNS, nslookup ikuyankha bwino. Wotchi ili bwino. Mu NetSetup.log muli 0xaac, ndipo pamwamba pake akunena za account yoti ilipo kale. 15 aja ndi atsopano ochokera m'makatoni. 9 awa ndi akale, ndikuwapatsa mayina awo omwewo chifukwa ali pa ma sticker a asset ndipo a audit amavuta. A zachuma aja lero afunsanso kuti printer ilumikizidwa liti.

Esnart
Nkhani yonse inali imeneyi, mukanayamba nayo. Kuyambira Okutobala 2022, malinga ndi chikalata cha Microsoft KB5020276, Windows imakana kugwiritsanso ntchito akaunti ya kompyuta imene ilipo kale mu AD ngati amene akuchita join si amene anaipanga, kupatula ngati mwini wake ndi wa Domain Admins, Enterprise Admins kapena Administrators. Makompyuta 9 amenewo anawalowetsa ndi mnzanu uja, ndi akaunti yake. Tsimikizani: Active Directory Users and Computers, View, Advanced Features, kenako pa kompyutayo Properties, Security, Advanced, muone Owner. Ngati akaunti yake munaifufuta mungoona manambala oyamba ndi S-1-5-21. Njira yachidule, fufutani ma object (maakaunti a makompyuta) 9 amenewo mu AD, MDT ipange atsopano ndi mayina omwewo. Ina, sinthani Owner akhale Domain Admins, koma akaunti ya join ikhale ndi Reset Password ndi chilolezo cholemba pa ma object a mu OU imeneyo, apo ayi mukumana ndi 0x5. Reset Account yokha sithandiza, siisintha mwini.

Mai a Tadala
Musanafufute, koperani kaye ma recovery key a BitLocker (yokhoma disk) ngati mumasunga mu AD, amapita limodzi ndi object. Pasiwedi ya LAPS, ya administrator wa pa kompyutayo, chimodzimodzi. Lembaninso magulu amene kompyuta iliyonse inali, chifukwa yatsopanoyo imabwera ilibe, ma GPO (malamulo a Group Policy) ena sadzagwira.

Dalitso
Kapena ingoikani NetJoinLegacyAccountReuse mu registry, mzere umodzi mu task sequence.

Esnart
Ayi a Dalitso, imeneyo inali yongodikirira ndipo Microsoft anaichotsa mu 2024, pa image yatsopano sichita kanthu. Yokhazikika ndi policy ya pa domain controller, Allow computer account re-use during domain join, momwe mumaikamo gulu la eni ake a ma object odalirika. Pa makompyuta 9 okha nkutaya nthawi, ndipo mwini wakeyo anachoka.

Mbewe wa ku Bvumbwe
Chabwino, koma DHCP ya pa rauta muizimitsebe. Ndipo mukafufuta ma object muchotsenso ma record akale mu DNS, apo ayi mubweranso pano Lachiwiri.

Che Juma Luchenza
Makompyuta akalewo TPM 2.0, chip ya chitetezo imene Windows 11 imafuna, ali nayo koma? MDT imangothira image osafunsa, mudzadabwa pa feature update.

Membala Wosadziwika
Ma key a BitLocker ndiwapeza pati? Pa Properties sindikuona tab yake.

Mai a Tadala
Server Manager, Add Roles and Features, pansi pa Remote Server Administration Tools, BitLocker Recovery Password Viewer. Mukaika, tsekani Active Directory Users and Computers mutsegulenso.