Ndithandizeni: manifold ya ekizozi ikutulutsa utsi pa Ford F-100 ya 1970

Akuluakulu odziwa za magalimoto akale, ndikupempha nzeru zanu pa vuto la Ford F-100 ya 1970 yomwe ili ndi injini ya 300 (kukula kwake m'ma cubic inch) ya masilinda 6. Ndikailiza m'mawa isanatenthe, pamamveka kaphokoso kothetheka cha pa silinda yakumbuyo, kamene kamachepa injini ikatentha, ndipo pamalo pomwepo pali mwaye wakuda wosonyeza kuti utsi ukutulukira pamene manifold (chitsulo cholandira utsi wochokera m'masilinda) yakumana ndi hedi (chigawo cha injini chotseka pamwamba pa masilinda). Gasiketi ndinaika yatsopano koma sinakhalitse.

Nditamasula manifold ndi kuika chitsulo chowongoka pankhope yake, ndinaona kuti kumapeto kuli mpata, kutanthauza kuti inapindika ndi kutentha kwa zaka zambiri. Kodi ndikaipalitse pa makina kuti isalale? Chondidetsa nkhawa n'chakuti pa injini imeneyi manifold yolowetsa mpweya ndi yotulutsa utsi zili mbali imodzi ndipo zimagwidwa ndi mabawuti amodzimodzi, choncho ndikapala imodzi yokha, mawashala sadzapanikiza zonse ziwiri mofanana.

Palinso kamng'alu pafupi ndi pamene paipi imalumikizidwa. Popeza chitsulo chake ndi cast iron, chomwe chimasweka chikazizira mofulumira, kodi kuwotcherera ndi ndodo ya nickel mutayamba mwachitenthetsa kumakhalitsa, kapena ndingofunafuna ina yakale yosang'aluka? Bawuti imodzi inadukira mkati mwa hedi chifukwa cha dzimbiri, ndipo ndikufuna njira yoichotsera osawononga mazinga ake.

Galimotoyi ndaiimika kaye chifukwa utsi ukulowa m'kabini, ndipo mpweya wa carbon monoxide umapha.