Psoriasis, chikanga kapena chipere? Silaidi iyi yandiimitsa mutu

Akuluakulu a pagulu pano, ndipempheko nzeru. Ndili chaka choyamba pa maphunziro oyeza tizidutswa ta khungu pa mayikulosikopu. Dzulo kwabwera kachidutswa ka 4 mm kochokera pa mwendo wa mayi wina. Pa fomu panalembedwa liwu limodzi lokha: "psoriasis?" (nthenda ya khungu ya zigamba za mamba). Zaka za wodwala, pamene nthendayo inayamba, mankhwala amene akudzola, sizinalembedwe.

Pa H&E (utoto wa nthawi zonse wopaka pa silaidi) khungu lapamwamba lakhuthala, rete ridges (timizere ta khungu lapamwamba tolowa pansi) zatalika, ndipo mu stratum corneum (gawo lakunja kwenikweni la khungu) muli parakeratosis (maselo akufa amene sanataye nyukiliyasi) ndi timagulu ta ma neutrophil (mtundu wa maselo oyera a magazi). Maganizo anga anathamangira ku Munro microabscess, timagulu ta ma neutrophil timene ndi chizindikiro cha psoriasis. Koma nditayang'anitsitsa ndayamba kukayika. Rete ridges sizikufanana kutalika, granular layer (gawo la pansi pa stratum corneum) ikadalipo malo ambiri, ndipo madzi apatula maselo, spongiosis ija, kuposa mmene ndimayembekezera. Mitsempha ya magazi ya mu dermal papillae (timitumbira ta khungu lamkati pakati pa rete ridges) siinafufume kapena kupindika monga imachitira pa psoriasis. Ndapezanso ma eosinophil (mtundu wina wa maselo oyera a magazi) awiri atatu.

Chimene chikundiopsa n'chakuti ndikalemba psoriasis, mayiyu akapatsidwa steroid (mankhwala ochepetsa kutupa ndi kuyabwa) wamphamvu. Nanga ngati vuto ndi lina?

Yankho loyamba:
Achemwali, musalembe kanthu musanapake PAS kapena GMS, utoto woonetsa mafangasi. Ma neutrophil mu stratum corneum samapezeka pa psoriasis pokha, chipere chimawabweretsanso. Pa H&E ulusi wa mafangasi umabisala, munthu umatha kuudutsa kangapo osauona. Yang'anani ngati keratin (puloteni yolimba ya mu stratum corneum) ili pawiri, yabwinobwino pamwamba, pansi yothinana kapena ya parakeratosis. Timaitchula sandwich sign, ndipo mafangasi amakonda kukhala pakati pomwepo. Mantha anuwo ndi omveka. Chipere chikapakidwa steroid kuyabwa kumachepa, mkombero wake umafufutika, koma chimapitiriza kufalikira. Tinea incognito ndi imeneyo.

Yankho lachiwiri:
Ndikugwirizana nawo. PAS ikapanda kuonetsa kanthu, zimene mwafotokozazi zikupendekera ku chikanga chokhalitsa. Munthu akamakanda miyezi yambiri khungu limakhuthala mosalingana, granular layer imatsala, nthawi zina imachita kuchuluka. Psoriasis yeniyeni rete ridges zake zimatsika mofanana, granular layer imasowa pansi pa parakeratosis, ndipo khungu la pamwamba pa papillae limapyapyala. Koma psoriasis imene yadzoledwa kale mankhwala imataya zizindikiro zimenezi, ndiye ma eosinophil awiri asakugamulitseni mlandu.

Yankho lachitatu:
Ine ndili mbali ya kuchipatala, mbali imene timatumiza mafomu opanda kanthu ngati imeneyo, ndipo n'kulakwa. Imbirani amene anatenga kachidutswako. Afunseni za zigongono, mawondo, m'mutu, zikhadabo ndi pakati pa zala za kuphazi. Angathenso kupala mamba a m'mphepete mwa chigambacho n'kuwaika mu KOH ya 10% (mankhwala osungunula keratin kuti mafangasi aoneke), yankho likhoza kupezeka tsiku lomwelo. Inunso onani ngati muli ma plasma cell (maselo a chitetezo cha thupi) ambiri, chifukwa chindoko chikafika gawo lachiwiri chimatha kuoneka ngati psoriasis.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ma plasma cell sindinawaone, koma ndibwereranso pa silaidi. Ndapempha PAS ndi magawo ena ozama, ndipo adokotala ndawaimbira. Akuti mayiwa akhala akudzola kirimu wina kwa miyezi iwiri, mwendo ndi umodzi wokha, ndipo pakati pa zala za phazi lomwelo pakusupuka. Ndawapempha kuti ayambe apala mambawo asanalembe mankhwala aliwonse. PAS ikatuluka mawa ndiika chithunzi pano.