Kalachi ikumira ndikaima pa maloboti, nditsitse giyabokosi?

Mdzukulu wa ku Ntcheu, Dzivarasekwa:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi ka Hilux kakale ka dizilo komwe ndimanyamulira amayi a tomato katundu wawo kuchokera ku msika wa Mbare Musika kuno ku Harare m'mamawa. Sabata yathayi kalachi yayamba zachilendo. Ndikamanyamuka kunyumba magiya amalowa bwinobwino. Koma ndikaima pa maloboti ndili mu giya wani, phazi lili pa kalachi, ndimamva ikufewa pang'onopang'ono ngati ndaponda nthochi yakupsa, kenako galimoto imayamba kukwawa yokha phazi ndisanalichotse. Lachitatu pa Rotten Row ndinangotsala pang'ono kugunda kombi kumbuyo, mabokosi 30 a tomato ali pamsana. Ndikapopa katatu kanayi mphamvu imabwerera, koma livesi ndiye ikumachita kukukuta.

Pomwe ndimaimika usiku sindikuona dontho ngakhale limodzi. Mnyamata wina wokonza magalimoto akuti ndi kalachi puleti, atsitse giyabokosi, madola 250. Imeneyo ndi fizi ya ana. Ndimupatse?

Wa Mathiraki a ku Beira:

Ayi achimwene, musapereke. Kalachi yobwerera mukapopa ndiye kuti mwalowa mpweya. Bulidani basi, ndiye kuti mutulutse mpweyawo m'payipi, botolo limodzi la mafuta a mabuleki lakwana.

Madala a ku Gazaland:

Mphwanga wa ku Dzivarasekwa, fizi ya ana isungeni kaye. Puleti ikatha sichita zomwe mwafotokozazo. Puleti yotha imaterereka: mukamakwera chitunda ndi katundu, injini imabangula koma liwiro osawonjezeka, ndipo mumamva fungo ngati la mabuleki opsa. Kwa inu ndi zosemphana, kalachi ikulephera kulekanitsa injini ndi giyabokosi. Vuto lili m'njira ya mafuta, ndipo pa Hilux yakale njira yonseyo ili panja, osafunika kutsitsa chilichonse.

A ku Beira anena zoona mbali imodzi, mpweya umafewetsa kalachi. Koma mpweya sulowa wokha m'payipi yotsekeka, pali pomwe wadzera. Komanso kalachi ya mpweya imakhala yofewa kuyambira poponda pomwe. Yanuyi ikugwira kaye, n'kumathawa pambuyo pake. Zimenezo ine ndimayamba kukayikira masita, ija ili kuseri kwa chopondera, yokhala ndi kabotolo pamwamba. Kalabala kam'kati mwake kakatha, mafuta amazemba m'mbali mwa pisitoni n'kubwerera m'kabotolo momwe anachokera. Ndi chifukwa chake pansi sipanyowa, ndipo nthawi zina mafuta m'kabotolo satsika n'komwe.

Mawa kukacha chitani izi. Injini ikhale yozima, handibuleki yokoka, mwala kutayala. Wina akhale pampando aponde kalachi mpaka pansi osachotsa phazi, inu mugone pansi muyang'ane silevu, kasilinda kaja kali m'mbali mwa giyabokosi. Kandodo kake katuluke n'kukankha foloko, chitsulo chija chomasula kalachi, kakhale pomwepo. Mukaona kakubwerera kokha phazi likadali pansi, mafuta akuthawa. Tsopano kokani kalabala kophimba kandodoko. Mukatuluka mafuta, wolakwa ndi silevu. Mukakhala mouma, payipi ya labala nayo ili youma, bwererani ku masita. Tengani tochi, lowetsani mutu kunsi kwa chiwongolero, gwirani pomwe ndodo ya chopondera yalowera kuchitsulo. Anthu ambiri amafunafuna dontho pa simenti pomwe kapeti yawo ikumwa mafuta mwakachetechete.

Mundiuzenso mtundu wa mafuta omwe ali m'kabotolomo.

Nachisale wa ku Mufakose:

Ndiwonjezereko pang'ono pa zomwe anena madalawa, kwa ena omwe akuwerenga. Magalimoto ena atsopanoko alibe kabotolo ka kalachi pakokha, imamwera limodzi ndi mabuleki. Kapayipi ka kalachi amakaika m'mwamba mwa botolo dala, kuti mafuta akamatsika iyambe kufa ndi kalachi, mabuleki akadalipo. Yanga itachita zimenezi ndinangothiramo ena n'kumayenda, osadziwa kuti akudontha ku tayala lakumbuyo. Ndiye kalachi ikafa pa galimoto yotereyi, yang'ananinso mabuleki.

Ndipo achimwene, pakadali pano mukaima pa maloboti muziika fili, ichoke mu giya, phazi lipume. Amayi a tomatowo ali ndi ana.

Mdzukulu wa ku Ntcheu, Dzivarasekwa:

Madala, ndachita monga munanenera. Mayi a kunyumba ndi omwe anaponda. Kandodo kanatuluka bwino, koma ndisanawerenge kufika 20 kanali katabwerera theka. Silevu ndi youma. Kunsi kwa chiwongolero ndapeza chinyontho pang'ono, penti ya pamenepo yayamba kusupuka.

Koma nkhani ili m'kabotolo. Mafuta ake ndi ofiirira, ndipo kalabala ka chivundikiro kafufuma moti kubwezeretsa kwake ndinachita kukakamiza. Nditafunsafunsa, mlamu wanga yemwe anabwereka galimotoyi mwezi watha kupita ku maliro ku Norton wavomera kuti anaona mafuta achepa, n'kuthiramo aja a pawa sitiyaringi omwe ndimasunga kuseri kwa mpando. Akuti mafuta ndi mafuta. Ndangomuyang'ana, poti ndi mlongo wawo wa mayi a kunyumba.

Madala a ku Gazaland:

Ndiye chimenecho! Malabala a m'kalachi anapangidwira mafuta a mabuleki, DOT 3 kapena DOT 4. Akakumana ndi a sitiyaringi kapena oyilo wa injini amafufuma n'kufewa ngati chingamu. Mukafuna kutsimikiza, dontheza pang'ono m'kapu ya madzi: a mabuleki amasungunuka m'madzimo, enawo amayandama pamwamba.

Apa kubulida kokha sikuthandiza, ndipo musasinthe masita yokha. Silevu lero ndi youma koma yamwa zomwezo, ikutsatira. Sinthani zonse ziwiri pamodzi ndi payipi ya labala, ya chitsuloyo muitsuke ndi mafuta atsopano a mabuleki mpaka atuluke oyera. Popita ku Kaguvi Street kokagula zatsopano nyamulani zakalezo m'jumbo mukayerekeze, poti ma Hilux ndi ambiri ndipo masilinda ake amasiyana kukula. Makiti a malabala okha alipo otchipa, koma pitani chala m'kati mwa silinda. Mukamva tizibowo ta dzimbiri, kiti sikhalitsa.

Pobulida, wapampando apope katatu agwire pansi, inu mutsegule kanipo kotulutsira mpweya ka pa silevu, mutseke iye asanachotse phazi. Akachotsa muli chitsegulire mwayamwanso mpweya. Kabotolo kasaume. Ndodo ya masita yatsopano musaitalikitse kwambiri, chopondera chizikhala ndi kampata pang'ono pamwamba chisanayambe kulimba, apo ayi mafuta sabwerera ndipo mudzaotcha puleti yomwe inalibe mlandu. DOT 5 musagule, siisakanikirana ndi enawo.

Mdzukulu wa ku Ntcheu, Dzivarasekwa:

Zikomo madala, Loweruka ndili ku Kaguvi. Ogona pansi ndi sipanala akhala alamu omwewo, ine ndikhala pampando.